Matope safunsa digiri

Eni magalimoto a 4x4, aja oyenda m'matope, m'miyala ndi m'mitsinje, akakumana pamakhala mafunso awiri amene sasowa. Loyamba ndi lakuti, "Mwaikamo chiyani m'galimotomu?" Apa munthu amayamba kuloza: matayala awa ndidasintha, masipulingi ndidakweza, chitsulo chakutsogolochi adandiwotcherera akutiakuti. Macheza akafika pakati, funso lachiwiri limatulukira lokha: "Nanga inuyo mumagwira ntchito yanji?"

Ambiri a ife tikamva za anthu oterewa timangoti ndi zamabwana izo, anthu osowa chochita ndi ndalama. Zoti pamalowa ndalama zambiri sindikutsutsa. Koma m'mafunso awiriwa muli phunziro limene wachinyamata wa ku Malawi, makamaka amene mapepala ali nawo koma ntchito palibe, akuyenera kulimva. Funso loyamba lija, ukalitsatira bwinobwino, limakathera pa dzina la mmisiri. Ndipo mmisiriyo akugwira ntchito imene ife kuno timainyoza, pamene anzathu kwina adaisandutsa chuma.

Tiyambe taona kumene chikhalidwechi chidakhazikika. Ku America, tauni yaing'ono ya Moab m'chigawo cha Utah imadzaza ndi magalimoto a Jeep chaka chilichonse nyengo ya Pasaka, pa mwambo wa Easter Jeep Safari umene udayamba mu 1967. Anthu amakweza magalimoto pa matanthwe amene inu ndi ine tingaope kukwera ngakhale wapansi. Muno mu Africa, dziko la Kenya lili ndi mpikisano wa Rhino Charge umene udayamba mu 1989. Opikisana amapatsidwa malo 13 oti awafike m'tchire m'maola 10. Liwiro silipambanitsa munthu, wopambana ndi amene wafika malo onsewo atayenda mtunda waufupi kuposa anzake. Kuti mtunda ufupike ndiye kuti chigwa kapena phiri sulambalala, umangolunjika pomwepo. Galimoto yongochoka kumene kusitolo singapirire zimenezo, n'chifukwa chake magalimoto a mpikisanowu amakhala atawakonzanso pafupifupi paliponse. Ndalama zimene amatolera zimapita ku bungwe la Rhino Ark, limene lidamanga mpanda wamagetsi wa makilomita pafupifupi 400 kuzungulira nkhalango ya Aberdare, ntchito imene idatha mu 2009.

Pa macheza a anthu amenewa pamakhala kusakanikirana kumene ku ofesi simungakuone. Wina ndi dokotala, wina loya, wina mlimi, wina amawotcherera zitsulo, wina amakonza mawaya a magetsi a galimoto. Lolemba m'mawa aliyense amabwerera pa malo pake, wina nkumatchedwa bwana, wina nkumatchedwa mnyamata. Koma galimoto ikatitimira mpaka mimba yake kukhudza pansi, dzuwa likulowa, netiweki palibe, amene anthu amamumvera ndi amene akudziwa pomanga chingwe ndi giya yoyenera kuika. Dokotala amagwira fosholo, mekaniki nkumalamula. Matope safunsa digiri.

Ndiye funso lija la ntchito, likafunsidwa pamalo oterewa, limakhala ndi tanthauzo lina. Kwathu kuno, munthu akakufunsa kuti umagwira kuti, kawirikawiri amakhala akufuna kudziwa ngati akupatse mpando kapena ukhale pa mkeka. Kwa anthu a m'matopewa, wofunsayo akufuna kudziwa kuti mnzangayu angandithandize pa chiyani, nanga ine ndingamuthandize pa chiyani. Wowotcherera amayankha mutu uli m'mwamba chifukwa aliyense pamenepo akudziwa kuti moyo wake ukudalira msoko umene iye adawotcherera. Pamacheza omwewo ndi pamene mmisiri amapezera makasitomala, ndipo mwana wa wina amapezera malo ophunzirira ntchito.

Kuti timvetse chifukwa chake mmisiri amalemekezedwa chotere, tione zina mwa zimene amasinthazo.

Mudaonapo chipaipi chakuda chokwera m'mbali mwa galasi lakutsogolo la Land Cruiser? Amachitcha snorkel. Injini imapuma mpweya ngati munthu, ndipo pa magalimoto ambiri mphuno yake imakhala m'munsi, chapafupi ndi tayala lakutsogolo. Ukalowa mumtsinje madzi nkufika pamenepo, injini imameza madzi. Mpweya umapanikizika koma madzi sapanikizika, ndiye pisitoni ikamakwera imangokhala ngati yagunda khoma, zitsulo zamkati nkupindika kapena kuthyoka. Injini yatha pamenepo. Snorkel imakweza mphuno ija kufika cha padenga, kumenenso fumbi limakhala locheperako. Koma woikayo akangosiya kampata kamodzi kosamata bwino, chipaipi chonsecho chimangokhala chokongoletsa, ndipo mwini galimoto adzadziwira pakati pa mtsinje.

Pali china chosaoneka kunja, chotsekera difu. Difu ndiyo imalola kuti pokhota tayala lakunja lizungulire mwachangu kuposa lamkati. Pa tala zimenezo ndi zabwino. M'matope ndiye zimakutembenukira, chifukwa mphamvu imathawira ku tayala limene likuterereka, lija lagwira pansi nkungokhala duu. Mudaonapo pikiapu itakanirira, tayala limodzi likungozungulira nkumamwaza matope pa anthu okankha? Vuto lake ndi limenelo. Chotsekera difu chimakakamiza matayala awiriwo kuzungulira limodzi, galimoto nkutuluka.

Nzeru zina n'zaulere. Pa mchenga, monga wa m'mbali mwa nyanja ku Mangochi kapena ku Salima, wodziwa amaphwetsako matayala pang'ono kuti aponde malo aakulu, galimoto isamire, ndipo akabwerera pa tala amapopanso.

Komanso chilichonse chimene wasintha chimabwera ndi vuto lake. Ukakweza galimoto, mimba yake imasiya kugunda miyala, koma pokhota imayamba kupendama kwambiri, kugubuduka sikuchedwa. Ukaika matayala aakulu, sipidomita imayamba kukunamiza, imaonetsa liwiro lochepa kuposa limene ukuthamanga, mafuta amatha msanga, mabuleki nawo amavutika kuimitsa. Ukasenzetsa katundu wolemera pa kaliyala ya padenga, vuto la kugubuduka lija limakula. Munthu amene amatha kulinganiza zonsezi akuchita masamu ndi sayansi, ngakhale atakhala kuti sukulu adalekezera Fomu 2.

Luso limeneli anzathu adaliona kalekale kuti ndi mgodi. Mu 1975, Tony Brown wa ku Australia adayenda ulendo wa ku Cape York, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, kumene misewu yake ndi ya mabampu ndi mitsinje. Iye adaali ndi luso la manja, ndipo m'njiramo adaona kuti makaliyala ndi zitsulo zakutsogolo za magalimoto a anthu zimangothyoka chifukwa zidapangidwa mosaganizira msewu woterowo. Atabwerera ku Melbourne adayamba kupanga zake m'garaja ya pakhomo. Kampaniyo adaitcha ARB, zilembo zoyambirira za dzina lake, Anthony Ronald Brown. Pofika mu 1987 kampaniyo idalowa pa msika wa masheya wa Australia, ndipo lero katundu wake akugulitsidwa m'maiko ambirimbiri, kuphatikizapo a muno mu Africa. Poyambira pake padali munthu mmodzi wodziwa kuwotcherera amene adayang'anitsitsa chimene chikuthyoka nkudzifunsa kuti chikuthyokeranji.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri akusaka moyo, kuli makampani ngati Front Runner ya ku Johannesburg ndi Alu-Cab ya ku Cape Town, amene amapanga makaliyala, matenti a padenga ndi zotchingira kumbuyo kwa mapikiapu, nkumagulitsa mpaka ku Ulaya ndi ku America. Ku Gibraltar, kadera kakang'ono kummwera kwa Spain, kuli kampani ya Toyota Gibraltar Stockholdings imene imagulitsa magalimoto kwa nthambi za United Nations ndi mabungwe ena othandiza anthu. Magalimoto amafika kuchokera ku fakitale, amisiri a kumeneko nkuikamo zimene wogula akufuna, monga winchi, wailesi zolumikizirana ndi zitsulo zakutsogolo, ena nkuwasandutsa maambulansi. Anthu akudya ndi kuphunzitsa ana awo chifukwa chokonzera galimoto msewu woipa, pamene msewu woipawo uli kwathu kuno.

Paja kwa munthu wa ku Moab, kuyenda m'matope ndi masewera a patchuthi. Kwa ife ndi ulendo wamba wa pakati pa sabata. Mwa makilomita pafupifupi 15,000 a misewu yolembedwa ndi boma m'dziko muno, ya tala sikwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Amene adakwerapo msewu wa Golodi kuchokera pa Chitimba kupita ku Livingstonia, ndi makhota ake aja okhota ngati chigongono, kapena amene adapitako ku Nyika nthawi ya dzinja, safunika kuuzidwa. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, madera ena amafikika ndi helikopita kapena bwato basi, ndipo kumene galimoto imatha kuyesako, yoyesayo idali 4x4. Ambulansi imene imakatenga mayi woyembekezera pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kawirikawiri imakhala Land Cruiser ya mtundu wa 70 Series, umene Toyota idayamba kupanga mu 1984 ndipo ikupangabe mpaka lero chifukwa ndi wolimba komanso wosavuta kukonza kutali ndi tauni.

Ndiye taganizani. Dziko limene likufunikira magalimoto oterewa kuposa maiko ambiri, ndi lomwenso likuitanitsa kunja zitsulo zambiri zoika pa magalimotowo, ndi ndalama zakunja zimene tonse tikudziwa kuti zikusowa. Mu November 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse choitanitsa kunja chidakwera mtengo. Kaliyala ndi mapaipi ndi ngodya zowotcherera. Chitsulo chotchingira mimba ya galimoto ndi chitsulo chafulati chodulidwa ndi kupindidwa molondola. Sitikunena za kupanga injini pano ayi. Pitani pa Biwi ku Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre mukaone anyamata akupanga mageti, mabagilabazi, ngolo ndi mawilibala, ena akutsitsa giyabokisi pansi pa mtengo ndi zida zochepa zedi. Manja alipo. Chikutitsekereza n'chiyani?

Choyamba ndi mtima wathu. Tidakula tikumva kuti, "Ukalephera sukulu uzikagwira sipanala." Kholo limalolera kugulitsa ng'ombe kuti mwana akatenge digiri, koma likamva kuti mwana akufuna kukaphunzira zowotcherera ku Soche, Nasawa, Namitete kapena Lilongwe Technical College limagwira m'mutu ngati pagwa maliro. Sindikunyoza digiri, nanenso ndili nayo yanga. Koma tonse tikudziwa anzathu amene adamaliza ku yunivesite zaka zitatu zapitazo ndipo mpaka lero akungotumiza makalata ofunsira ntchito, bando ya intaneti nkumapempha kwa mng'ono wawo amene amakonza njinga zamoto za kabaza. Tikadali kuseka wovala ovolosi ya girisi pamene iye madzulo aliwonse amalowa m'nyumba ndi kena kake m'thumba.

Chachiwiri ndi kubisa nzeru. Chimene chidakulitsa chikhalidwe cha 4x4 kunjaku ndi kuuzana. Wina akayesa masipulingi ena nkumupweteka, amauza anzake kuti musagule awa, ine andithyokera pakuti. Wina akapeza njira yabwino yoikira batire yachiwiri, amaonetsa aliyense wofuna. Kwathu kuno m'magaraja ambiri mnyamata amatha zaka akutsuka zitsulo ndi kutumidwa chips, koma ikafika nthawi yotchera injini abwana amamutuma kukagula fodya kuti asaone. Amaopa kuti akadziwa adzatsegula garaja yake nkuwalanda makasitomala. Mapeto ake aliyense amayambanso kuphunzira pa galimoto ya kasitomala, zolakwa zomwezo nkumabwerezedwa chaka ndi chaka. Mmisiri wamkulu akamwalira, nzeru zake zimakwiriridwa naye.

Chachitatu ndi eni magalimoto eni akewo. Munthu yemweyo amene walipira mamiliyoni kuitanitsa chitsulo ku Johannesburg osanenerera ngakhale tambala, akafika kwa mmisiri woti amuikire chitsulocho amayamba, "Aise, ingondichitira ya sopo." Tsiku lonse la ntchito, nsonga zowotcherera, magetsi, luso la zaka khumi, zonsezo ya sopo? Mmisiri wolipidwa ya sopo sangagule makina opindira mapaipi, sangagule jenereta yoti agwire ntchito magetsi akathima, ndipo sangalipire mnyamata amene akumuphunzitsa. Kenako mwini galimoto yemweyo ndi amene amadzanena kuti amisiri a ku Malawi ntchito yawo ndi yosalongosoka.

Chachinayi ndi chikhulupiriro, ndipo apa amisiri nawo amve. Amene amagula chitsulo cha ARB akugulanso mtima wokhazikika, podziwa kuti chidayesedwa ndipo chimene wagula lero n'chofanana ndi chimene mnzake adagula chaka chatha. Bungwe limene likunyamula manesi kupita nawo ku Chitipa silingaike pa galimoto yake kaliyala imene palibe akudziwa kuti imasenza makilogalamu angati. Mmisiri wofuna msika umenewu ayenera kumayeza ndi tepi osati ndi maso, azilemba miyezo yake, azisunga zithunzi za ntchito zake, azinena zoona za chitsulo chimene wagwiritsa ntchito, ndipo akati Lachisanu likhale Lachisanu. Zoti galimoto ya munthu igone pa garaja mwezi wathunthu, foni osayankha, ndi zimene zimathamangitsa ndalama kupita kunja.

Ndikudziwa wina akuti, "Iwe, ndi angati ali ndi 4x4 ku Malawi kuno? Anthu akugona pa mzere wa mafuta, iwe ukukamba za masewera a anthu olemera?" Funso ndi lomveka. Ndi zoona kuti okwera mapiri pofuna kusangalala kuno ndi ochepa, ndipo kwa anthu ambiri Prado kapena Land Cruiser ndi chizindikiro cha phungu amene amadutsa magalasi atatseka, fumbi nkusiyira omuvotera. Koma msika umene ndikunena ine ndi wa magalimoto ogwira ntchito. Zipatala zili nawo, mabungwe ali nawo, maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje ali nawo, makampani omanga misewu ali nawo, ogula mbewu m'midzi ali nawo. Magalimoto aja oonetsera alendo nyama ku Liwonde ndi ku Majete, okhala ndi mipando yokwera ngati masitepe ndi denga la lona, sachoka ku Japan ali choncho. Pali munthu amene amadula, kupinda ndi kuwotcherera. Ndipo luso lomwelo lopindira paipi ya kaliyala ndi lomwe limapanga ngolo yokokedwa ndi thirakitala, choimikapo thanki ya madzi kapena chimango cha masola. Wophunzira ntchitoyi samangika pa galimoto yokha.

Komabe pali mbali imene sitiyenera kutengera mwachimbulimbuli. Chitsulo chakutsogolo chija, bull bar, ku Australia chimateteza galimoto ikagunda kangaroo kutchire. Pa msewu wa M1 podutsa pa Lizulu kapena pa Jenda tsiku la msika, chimene chili kutsogolo kwa galimoto ndi mayi wosenza tomato, mwana wasukulu ndi wakabaza. Kutsogolo kwa magalimoto amakono kudapangidwa kuti kuzifwanyika pa ngozi nkumeza ina mwa mphamvu ya kugundako. Chitsulo cholimba sichifwanyika, mphamvu yonse imathera m'thupi la wogundidwayo. N'chifukwa chake maiko a European Union adakhwimitsa malamulo a zitsulozi kuyambira ndi lamulo la mu 2005, ndipo boma la India lidalamula mu December 2017 kuti zichotsedwe pa magalimoto. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. Galimoto imene moyo wake wonse imangoyenda pakati pa Area 47 ndi City Centre ikufuniranji bull bar?

N'chimodzimodzi magetsi aja a LED amene anthu akumangirira padenga ndi kutsogolo. Adapangidwira kutchire kumene kulibe wobwera kutsogolo. Kuwayatsa pa msewu wa anthu onse ndi kuchititsa khungu dalaivala wa minibasi imene yanyamula anthu 16. Chinanso choopsa ndi kukoka galimoto yotitimira pomanga chingwe pa kampira kaja kokokera ngolo kumbuyo. Kampirako sikadapangidwire kugwedezedwa mwamphamvu choncho, kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo, ndipo kunjaku anthu adafapo nako. Eni 4x4 odziwa bwino amakalipirana okhaokha pa zinthu ngati zimenezi. Mmisiri weniweni ndi amene amatha kuuza kasitomala kuti, "Bwana, ichi sindikuikirani, chipha munthu." Nthambi yoona za pamsewu nayo, poyeza magalimoto, iziyang'ana zinthu zoikidwa pambuyozi, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards lingathandize kwambiri litakhazikitsa miyezo yoti wopanga kaliyala kapena chitsulo chokokera azitsatira. Miyezo yoteroyo ndi imene ingapatse bungwe kapena chipatala chifukwa chogulira katundu wa mmisiri wa pa Biwi mopanda mantha.

Nanga wachinyamata amene akuwerenga izi pa foni achite chiyani? Choyamba, atengere chizolowezi chija chokamba za ntchito poyera. Ife timacheza za mpira ndi za oimba usiku wonse, koma za mmene mnzathu adalowera ntchito, kuti kosi yake idamudyera zingati, kuti poyamba amalandira zingati, timabisirana ngati mankhwala. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mukakumana ndi dalaivala wa bungwe, mufunseni kuti kupatula laisensi amafuna chiyani. Mudzamva kuti amafuna munthu wodziwa kuyendetsa mosamala, wodziwa nthawi yoika giya ya mphamvu ndi yotsekera difu, wotha kuzindikira vuto la galimoto lisanakule, wotha kulemba bwino buku la maulendo ndi mafuta. Imeneyo ndi ntchito yokhala ndi makwerero ake, ena amayamba ndi chiwongolero nkudzafika poyang'anira magalimoto onse a bungwe.

Chachiwiri, amene muli kale pa garaja, luso lanu lipezereni pepala. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi njira yoyesera anthu amene adaphunzirira ntchito pa ntchito pomwepo nkuwapatsa satifiketi. Kuyambira mu 2015 boma lakhala likutsegulanso makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Matope safunsa pepala, koma ofesi yopereka kontirakiti imafunsa. Ndipo musakhale wa zonse. Sankhani chinthu chimodzi, kaya ndi masipulingi ndi ma shock, kaya ndi mawaya a magetsi, kaya ndi kuwotcherera aluminiyamu, muchidziwe mpaka anthu azinena kuti za zimenezo pitani kwa uje. Atsikana, ntchito izi sizifuna ndevu. Kuwerenga chithunzi cha mawaya kapena kuwotcherera msoko wowongoka kumafuna diso ndi kudekha.

Chachitatu, a madigiri tisadzipatule. Mmisiri waluso nthawi zambiri amasowa womulembera mitengo mwadongosolo, womusungira mabuku a ndalama, womujambulira ntchito zake nkuziika pa Facebook, womulembera kalata yopikisana nawo pa tenda. Amene adaphunzira uinjiniya ku MUBAS amatha kuwerengera kuti paipi yakuti isenza kulemera kwakuti, chimene wowotcherera amangochiyerekeza. Awiriwa atakhala pansi, mmodzi ndi kompyuta wina ndi makina ake, ndi pamene pangatuluke kaliyala yolembedwa dzina la kampani ya ku Malawi ndi kulemera kumene imasenza. Vuto ndi lakuti wa digiri amaona ngati kugwira ntchito ndi wa ovolosi ndi kutsika, wa ovolosi naye amaona ngati wa tayi wabwera kudzamubera. Onse awiri nkumagona ndi njala, kontena ya zitsulo ikulowa pa Mwanza kuchokera ku Joni.

Inunso eni magalimoto, mbali yanu ndi yosavuta. Mmisiri akakugwirirani ntchito yabwino, mulipireni mtengo wake, ndipo anzanu akakufunsani kuti mwaikamo chiyani, tchulani dzina lake monga mmene mumatchulira mayina a makampani akunja. Mabungwe ndi nthambi za boma zimene zili ndi magalimoto ambiri ziyambe ndi zinthu zosaika moyo pachiswe, monga mabokosi a zida, masitepe ndi zotchingira kumbuyo, zipereke ntchitoyo kwa amisiri a konkuno ndi miyezo yomveka bwino, kenako zione ngati sangakwanitse.

Dzinja likubwera, ndipo monga mwa chaka chilichonse tidzaona zithunzi za magalimoto atatitimira ndi maambulansi akukankhidwa ndi anthu a m'mudzi. Misewu tipitirize kuifunsa kwa amene tidawavotera, umenewo ndi udindo wawo. Koma pamene tala sanafike, pakufunika anthu odziwa kukonzera galimoto msewu umene ulipowu, ndipo ntchito imeneyo ikulipidwa kale, kungoti olandira ndalamazo ali ku Melbourne, Cape Town ndi Gibraltar. Tsiku lina Land Cruiser yokonzedwa bwino ikadzakudutsani, musangoti, "Eee, anthu ali ndi ndalama." Dzifunseni kuti adaiwotcherera ndani, adaphunzira kuti, ndipo n'chifukwa chiyani sangakhale inuyo.